Mnyozo wa Pachisuweni

Chibakera choyamba chinatera pamphuno, ndipo Chiyamiko anamva magazi ake akutsikira kukhosi. Sanadikire chachiwiri. Anamugwira m'chiuno mnyamata amene anamumenyayo, namukankhira kumakabati achitsulo a m'khonde la sukulu mpaka chitseko chimodzi chinapindika. Anagwera pansi onse awiri, akusinjana ndi zigongono, mawondo, ngakhale mutu umene. Ana ena anapanga bwalo, mafoni ali m'mwamba, akukuwa ngati akuonera mpira. Pamene mlonda wa pasukulupo ankawalekanitsa, malaya a Chiyamiko anali atang'ambika mpaka pamchombo.

Nkhani yake inali ya mbuzi. Inde, mbuzi! Pa Khirisimasi, Chiyamiko ndi amayi ake anachoka ku South Bend kukacheza kwa malume ake, a Hamilton, ku Indianapolis. Atamupempha kuti apempherere chakudya, mwana wa anthu anayesa m'Chingerezi chake cha ku Ntcheu, popeza anali asanathe chaka ku America. Shalom, mnyamata wa malume akewo, wobadwira komweko, anamujambula vidiyo mobisa. Anaikamo kulira kwa mbuzi pakati pa mawu alionse, nkuposita. Vidiyo ija inayenda, inayenda, mpaka inakafika kusukulu ya Chiyamiko. Kuyambira pamenepo, akangodutsa m'khonde ankangomva, “Meee!”

Amayi ake, a Evelina, anali namwino. Anabwera kudzamutenga ali mu yunifomu, nkhope itachita kuti ndwii.

“Ndinakubweretsa kuno kudzaphunzira kapena kudzachita nkhonya?” anafunsa ali m'galimoto. “Akusaspenda! Ine ndiike kuti nkhope yanga?”

“Ndi Shalom, amayi. Ndi amene anayambitsa zonsezi.”

“Shalom ndi msuweni wako. Asuweni amasereulana, chachilendo n'chiyani? Malume ako anamukalipira kale, anadilita chinthucho.”

“Anadilita anthu onse ataona kale.”

“Tamvera iwe. Kuno si kwathu. Kuno ukamenya munthu amaitana apolisi. Manja akowo uwasunge m'thumba.”

Chiyamiko anapukuta mphuno. Mumtima mwake munali chinthu chimodzi chokha: tsiku lina Shalom adzalire pagulu, monga momwe iye ankalirira m'chimbudzi cha sukulu nthawi yopuma.

Njira yake anaipeza kumalo kumene sankayembekezera, m'kalasi ya Chingerezi. Atabwerera kusukulu, aphunzitsi awo, mayi Kowalski, anagawa mapepala a ndakatulo zakale kwambiri za ku Skotilandi ndi ku Mangalande. Chingerezi chake chinali chokhotakhota, moti ngakhale ana obadwira ku America ankachita chibwibwi powerenga. Chiyamiko anasangalala nazo. Kanali koyamba kuti kalasi yonse ivutike mofanana ndi iye.

“Zaka mazana angapo zapitazo,” anatero mayi Kowalski, “alakatuli awiri ankatha kupangana kuti anyozane pagulu, mwina pamaso pa mfumu. Wina ankanena ndime zake, mnzake nkubwezera. Lupanga ayi, chibakera ayi, mawu okhaokha. Amene waseketsa anthu kwambiri ndiye wapambana. Ankanenana nkhope, zovala, umphawi, nsabwe, mudzi umene munthu anabadwira. Ankaunjika mayina achipongwe motsatizana mpaka mnzawo kusowa mpweya.”

Chiyamiko, amene sankakweza mkono m'kalasi chiyambire, anaukweza.

“Nanga makolo a mnzawo? Ankaloledwa kuwanena?”

“Apo ndiye ankafikapo kwambiri,” anayankha mayi aja akumwetulira. “Bambo, agogo, mtundu wonse. Tsopano aliyense akalembe yake. Koma mundimvetse: munthu wake akhale wongopeka, osati weniweni.”

Wongopeka? Aaa, Chiyamiko anali naye kale munthu wake, wa tsitsi lake ndi miyendo yake yomwe. Analemba m'Chichewa, chifukwa chipongwe chimakoma m'chilankhulo chimene unayamwira, nkumasulira pang'ono zopatsa aphunzitsi. Loweruka anaimbira foni malume ake.

A Hamilton anali munthu amene Chiyamiko ankamukonda kuposa wina aliyense ku America. Ndi iwo amene anakawachingamira kubwalo la ndege ku Chicago atanyamula majekete awiri okhuthala. Ndi iwo amene ankayenda ulendo wonse wa ku South Bend kudzamuphunzitsa kuyendetsa galimoto pabwalo la tchalitchi. Kwathu anali mphunzitsi wa Chingerezi kusekondale, ndipo atangomva nkhani ya ndakatulozo anakuwa pafoni.

“Iwe mphwanga! Zimenezo ndinaziwerenga kukoleji! Tawerenga ndimve.”

Chiyamiko anawerenga. Asanafike pakati, malume anali atafa nacho chiseko.

“Miyendo ya udzudzu? Thalauza m'mawondo? Ameneyu ndi mwana wanga, usandinamize! Ayi, wachita bwino. Ndi chisuweni chimenechi. Kwathu msuweni umamunena mpaka athawe, palibe mlandu. Anakulakwira uja. Umubwezere ndi pakamwa, osati ndi manja. Pa chikondwerero cha ufulu wa Malawi mu Julaye muime nonse awiri kutsogolo, ine ndikhala woweruza. Zikatha pamenepo mugwirane chanza, nkhani ya mbuzi ife.”

Kuyambira tsiku limenelo ankaimbirana kawirikawiri, malume akakhala pa buleki kuntchito. Ankamenya tebulo ndi chala kuti Chiyamiko amve kayendedwe ka mzere. “Apa wapunduka, chotsapo mawu amodzi. Apa puma kaye, anthu aseke.” Tsiku lina ali mkati mokonza, kunamveka belu ndi mawu a nkhalamba ikuitana.

“Dikira mphwanga,” anatero malume. “Gogo wanga wina wadziipitsira. Ndikamusinthe kaye, asagone m'zonyowa.”

Chiyamiko anatsala ali chigwirire foni. Ankadziwa kuti malume amagwira ntchito kunyumba yosungirako okalamba, koma anali asanaganizepo kuti ntchitoyo ndi yotani kwenikweni. Kenaka anakumbukira chithunzi chimene Shalom anaika patsamba lake: a Hamilton ali mu yunifomu yabuluu, pansi pake atalemba kuti bambo anga, dokotala. Anzake a Shalom onse ankadziwa choncho. Madzulo omwewo Chiyamiko analemba ndime ina, yomaliza, ndipo iyi anailemba m'Chingerezi. Sanawawerengere malume. Ankadziuza kuti mwina sadzainena n'komwe.

Chikondwerero chinachitikira ku Indianapolis, mu holo ya lendi kufupi ndi msewu wa Lafayette, kuseri kwa sitolo yogulitsa ufa ndi nsomba zouma. Amalawi anabwera kuchokera mbali zonse za Indiana. Azimayi anatchena zitenje za mbendera, azibambo ankakangana za ndale za kumudzi pafupi ndi nyama yootcha, ana ankathamangitsana pakati pa mipando yachitsulo yopinda. Shalom anabwera ndi gulu la anzake a kusukulu, pamodzi ndi mtsikana wina dzina lake Atupele, amene Shalomyo ankamufuna. Shalom atamuona Chiyamiko pakhomo anangoti chapansipansi, “Meee.”

Anthu atadya, a Hamilton anaima kutsogolo atavala shati yoyera. Anafotokoza za alakatuli akale aja, manja akuvina m'mwamba ngati ali m'kalasi, maso akuwala. “Lero asuweni awiri atiwonetsa,” anatero. “Palibe kukwiya. Woseketsa kwambiri ndiye mfumu!”

Anayamba Shalom. Chichewa ankamva koma osalankhula, choncho ananena m'Chingerezi, akudumphadumpha, anzake akuomba m'manja. Mawu ake anali akuti:

“Taonani m'bale wanga wochokera kutchire,
anaona sinowo nkuthamangira thumba,
ati ufa wagwa kumwamba, amayi bwerani tiwole!
Akatsegula pakamwa, mbuzi zonse zimavomera.”

“Meee!” anavomera anzake aja. Anthu anaseka, akuluakulu ena akupukusa mitu. Chiyamiko analandira maikolofoni. Anayang'ana malume ake. Iwo anamutsinzinira diso limodzi, chala chili kale patebulo. Anayamba m'Chichewa:

“Iwe Shalom, shasha ya tulo, mfumu ya firiji,
miyendo ya udzudzu, mimba ya chule,
thalauza m'mawondo ngati wathawa kuchimbudzi!
Unapita kumudzi, nkhuku inakuyang'ana,
unakwera pampando ukuitana amayi.
Agogo anati, ‘Muli bwanji?’ Iwe unati, ‘Zikomo.’
Anati, ‘Dzina ndani?’ Iwe unati, ‘Zikomo.’
Galu anakuuwa, iwe unati, ‘Zikomo!’”

Holo inagwa! Azimayi analuluta, azibambo anamenya matebulo, agogo ena anachita kupempha madzi. A Hamilton ankapukuta misozi ndi mpango. Ngakhale Atupele anabisa nkhope m'manja, mapewa akugwedezeka. Mpikisano unali utatha pamenepo, ndipo aliyense ankaona amene wapambana. Chikhala kuti Chiyamiko anakhala pansi nthawi imeneyo, bwenzi nkhani ino ili yoseketsa basi.

Koma Shalom sanafune kugonja pamaso pa mtsikana. Anathamangira kumakina oimbira nyimbo, nalumikiza foni yake. Vidiyo ija anali asanaitaye ayi. Mawu a Chiyamiko akupemphera anadzaza holo yonse, mbuzi zikulira pakati. Anzake a Shalom anagubuduka nacho chiseko.

“Shalom, zimitsa icho!” anakuwa a Hamilton.

Chiyamiko sanamve. Makutu ake ankangolira, thupi lonse litatentha. Manja anawasunga, monga amayi ake ananenera. Anakweza maikolofoni, natembenukira kwa anzake a Shalom, nanena ndime yomaliza ija m'Chingerezi, pang'onopang'ono, kuti aliyense amve:

“Mwana wa dokotala, eti? Tiuze dzina la chipatala!
Digiri ya bambo ako ndi thewera la nkhalamba.
Anataya choko kwathu kudzanyamula mikodzo,
amapukuta kumbuyo kwa agogo a eni kuti iwe uvale nsapato.
Ukamadya, nunkhiza mbale. Manja ake ndi omwewo.”

Mnyamata mmodzi anaseka, nkulekeza panjira. Kenaka kunali zii. Chiyamiko anayang'ana anthu akudikira nthungululu, koma anangoona nkhope zitazolika. Anali ataiwala chinthu chimene mwana aliyense wa Mmalawi kumeneko amachidziwa: pafupifupi theka la anthu a mu holo imeneyo ankagwira ntchito yomweyo, kapena anayambira pomwepo. Mayi wina anaika mbale yake pansi. A Hamilton anali chiimire, mpango uli m'manja, kumwetulira kuja kusanachoke bwino pankhope.

“Shalom,” anafunsa mnzake wina, “si unati bambo ako ndi dokotala?”

Shalom anabangula ngati walumidwa. Analumpha tebulo, mabotolo akusweka pansi, namugwetsa Chiyamiko chagada. Anamumenya pakamwa, patsaya, padiso. Chiyamiko anabweza ndi maikolofoni ija, ndipo zimkuzamawu zinalira kuti phuu pamene inkatera pamano a Shalom. Dzino linagwera pansi. Ana anayamba kulira, azimayi akukuwa, “Agwireni! Aphana awa!” Azibambo awiri anamukoka Shalom, koma anawapulumuka. Anatola mpando wachitsulo, naukweza pamwamba pa mutu ndi manja onse awiri. Chiyamiko anali akadali pansi, ndipo anatsinzina.

Mpandowo sunamupeze. A Hamilton anadziponya pakati, mikono ili m'mwamba. Kunamveka kuti thyoo, ngati nkhuni youma. Mwendo wa mpando unapitirira nkuwang'amba pachipumi. Anagwada, kenaka anagwa chammbali, magazi akuyenderera pashati yoyera ija. Mkono wamanja unali utapindika pamalo pamene mkono supindika.

“Adadi!” anakuwa Shalom, mpando ukugwa m'manja mwake. “Adadi!”

Mwini holo anali ataimba kale foni. Apolisi anafika pamodzi ndi ambulansi. Anafunsa amene anaponya mpando, ndipo mafoni ambirimbiri anali atajambula zonse. Pamene ankamumanga Shalom unyolo, a Hamilton anayesa kudzuka pamachira.

“Chonde abwana, ndi mwana wanga,” ankatero, magazi ali m'maso. “Anali masewera. Awa ndi asuweni, kwathu amaloledwa…”

Wapolisi uja sankadziwa chisuweni. Anamugwira Shalom pamutu nkumulowetsa m'galimoto. Shalom ankalira mokweza, mamina ndi magazi zili pachibwano, anthu onse akuona, Atupele akuona. N'zimene Chiyamiko ankalakalaka kwa miyezi yonseyo. Anaima pakhomo diso litatupa, koma sizinamukomere ngakhale pang'ono.

Kuchipatala chachikulu cha pakati pa mzinda, a Evelina anakhala pambali pa mwana wawo akudikira kumva za a Hamilton. Chiyamiko ndiye analephera kupirira.

“Amayi, aphunzitsi anati alakatuli akale ankaloledwa kunena za makolo. Ndi malamulo ake a mpikisano.”

“Akale a kwa yani?” Mawu awo anali otsika, koma ankabaya. “Msuweni umamunena iyeyo, mutu wake, miyendo yake. Unamva kuti chisuweni chimafika kwa malume? Malume ako ndi amayi ako aamuna. Watukwana ine.” Anapuma, nayang'ana manja awo. “Ndisanakhoze mayeso a unamwino a kuno, iwe uli kwa agogo ako ku Ntcheu, ukuganiza kuti ndinkagwira ntchito yanji? Nsapato zimene ndinkakutumizira zija, unazinunkhiza?”

Chiyamiko anaphimba nkhope ndi manja. Analira, ndipo amayi ake sanamutonthoze.

A Hamilton anatuluka atasokedwa pachipumi, mkono wamanja uli m'chikhakha mpaka paphewa, zala za kumanzere zitathyoka nazonso nkumangidwa. Ntchito yonyamula okalamba inaima. Apolisi anamutulutsa Shalom, koma khoti linalamula kuti asayandikire bambo ake mpaka mlandu utamvedwa, choncho anakakhala kwa abusa. Mayi ake a Shalom, a Magdalene, anayamba kugwira mashifiti awiri patsiku. Panyumba panalibe woti nkutsala ndi wodwala.

“Sukulu yatsekera,” anatero a Evelina, atafika kwa malume, akutsitsa chikwama cha Chiyamiko m'galimoto. “Ine ndikubwerera ku South Bend. Iwe utsala.”

M'mawa woyamba Chiyamiko anaphika phala, nawamwetsa malume ake ndi supuni. Sanayang'anane. Phala litatha, anagwada pambali pa mpando.

“Malume, pepani. Ndinalakwa kwambiri.”

A Hamilton anawongoka pampando. Kenaka, ndi mawu awo aja a m'kalasi, anainena ndime yonse yomaliza, kuyambira pa dokotala mpaka pa mbale, osaphonya liwu ndi limodzi lomwe. Chala chimodzi chimene chinatsala chabwino chinkagogoda pampando.

“Mzere uliwonse ukuyenda bwino,” anatero. “Palibe wopunduka. Ndinakuphunzitsa ndine.” Chala chija chinasiya kugogoda. “Chimene chikundipweteka si mkono, mphwanga. Sindinkadziwa kuti mwana wanga amauza anzake kuti ndine dokotala. Ndinamvera pakamwa pako.”

Chiyamiko anagwetsa mutu pabondo lawo. Ankalakalaka akanamumenya, akanamutukwana, chilichonse. Iwo anangoyang'ana pawindo.

Dzuwa litakwera, malume anadzuka okha nkulowa kuchimbudzi. Chiyamiko ankatsuka mbale. Panapita nthawi. Anamva chinthu chikugwa, kenaka bata. Panapitanso nthawi ina. Kenaka mawu anamveka, otsika kwambiri, ngati a munthu amene wayesa njira zonse nkulephera.

“Chiyamiko. Tabwera kuno.”

Anatsegula chitseko. Pepala lodzipukutira linali litagubudukira pansi, kutali. Malume ake, mphunzitsi uja, bambo amene anamuveka jekete kubwalo la ndege, anali atatembenukira kukhoma mwamanyazi, mikono yonse iwiri ili lende.

“Sindingathe ndekha,” anatero.

“Ndabwera, malume.”

“Madzi akhale ofunda. Ndipo uzindiuza chimene ukufuna kuchita usanandigwire. Munthu sachita mantha ukamamuuza.”

Chiyamiko anatsegula mpopi, nayesa madziwo ndi dzanja mpaka anafunda. Ananyowetsa kansalu, nagwada pansi.

“Malume,” anatero, mawu akudukaduka, “ndiyamba kukupukutani tsopano.”